PHUNZIRO: Za Akulu Amene Maganizo Ao Sakhazikika



Palibe parishi mu mzinda uno, kuyambira ku Chilomoni ndi Ndirande kufikira ku Limbe ndi Bangwe, imene iribe mkristu wa mtundu umene tifuna kunena lero. Mumdziwa. Ndiye uja afika ku Misa ansembe atawerenga kale Mthenga Wabwino, ngakhale adadzuka m'mamawa kuposa anzache onse. Pa msonkhano wa limana ndiye ayamba kukweza dzanja kuti nchito yakuti aigwira ndi iye, ndipo anena ndi mtima woona. Koma Lamulungu linalo mupeza kuti nchitoyo adaiyamba, naisiya pakati, nayambanso ina. Kope la mtulo adalitaya kawiri. Mnzache ali kulankhula, iye amdula pakamwa. Malipiro a mwezi atha m'sabata loyamba, ndipo iye mwini sangalongosole kumene apita. Anthu adampatsa kale maina: waulesi, wamphwayi, wopupuluma, wachibwana. Ena amponyera mwambi uja wa pusi amene adagwa chagada chifukwa cha ichi chakoma ichi chakoma.

Mwa anthu otere alipo aulesi enieni. Chimenecho sitikana ai. Koma alipo ena amene ayesetsa ndi mphamvu zao zonse chiyambire ubwana wao, nalephera pa zinthu zomwezomwezo chaka ndi chaka. Iwo ali ndi bvuto la m'ubongo limene madotolo alitcha ADHD, ndiko kunena kubalalika kwa maganizo pamodzi ndi kusatha kukhala phee. Tiyenera kuliphunzira bwino, pakuti pamene silidziwika, maukwati agwedezeka, nchito zitha, ndipo munthu amene wakhala ali kumva zaka 30 kuti ndi wachabe afika pokhulupirira kuti ngakhale Mulungu watopa naye, nasiya masakramenti.

Dzina ndi latsopano, bvuto ndi lakale

Ena anena kuti awa ndi matenda a Azungu opeka dzana lomweli. Mbiri iwatsutsa. Mu 1798 dotolo wa ku Scotland, Alexander Crichton, adalemba za anthu osatha kusunga maganizo pa chinthu chimodzi, amene kaphokoso kali konse kawachotsa pa nchito yao, ndipo adaona kuti ena abadwa otero. Mu 1902, ku London, dotolo wa ana George Still adakamba za ana anzeru zao bwinobwino, ena oleredwa m'mabanja olongosoka, koma osatha kudzigwira. Mu 1937, ku America, Charles Bradley adapatsa ana 30 mankhwala ogalamutsa ubongo otchedwa benzedrine, nadabwa kuona kuti ena adadekha, ndipo pafupifupi theka la iwo adayamba kuchita bwino kusukulu. Dzina la ADHD lidakhazikika mu 1987.

Kwa nthawi yaitali madotolo ankayesa kuti ndi bvuto la ana okha, lotha lokha mwana akatha msinkhu. Tsopano adziwa kuti ambiri akula nalo. Powerenga pa dziko lonse lapansi, apeza kuti mwa ana 100 ali onse pafupifupi 5 ali nalo, ndipo mwa akulu 100, awiri kapena atatu. Tikatenga chiwerengero chimenechi, parishi ya akristu aakulu 1,000 ingakhale ndi anthu otere 20 kapena 30. Ameneyo ndi kwaya yathunthu.

Maonekedwe ache mwa munthu wamkulu

Mwana wa bvutoli sabisika: akwera pa tebulo, athamanga m'kalasi, aphunzitsi amdziwa dzina tsiku loyamba lomwe. Wamkulu adaphunzira kubisa, chifukwa chache tiyenera kuyang'anitsitsa.

Chizindikiro choyamba ndicho kubalalika kwa maganizo. Taganizani za kalaliki wa mu ofesi ku Victoria Avenue. Nzeru ali nazo, ndipo pa tsiku la chipwirikiti ndiye apulumutsa anzache. Koma kalata imene ifuna mphindi 20 ikhala pa tebulo pache masabata atatu. Tsiku liri lonse aiyang'ana, mtima umpweteka, koma kuiyamba kumkanika, kufikira usiku womaliza pamene bwana waopseza. Awerenga tsamba lonse, nafika pansi osadziwa chimene wawerenga. Mkazi wache amtuma zinthu zitatu ku msika, iye abwera ndi chimodzi, ndi china chimene sadamtume. Makiyi, foni, chiphaso, ambulera, zonse ali kuzifunafuna masiku onse. Nthawi saimva bwino m'mutu mwache: ayesa kuti kuchoka ku Chirimba kufika ku Limbe ndi mphindi zowerengeka, ngakhale wayenda njira yomweyo kambirimbiri ndipo adziwa umo minibasi iimira pa Wenela ndi pa Ginnery Corner.

Chachiwiri ndicho kusakhala phee. Mwa wamkulu kuthamanga kuja kwa ubwana kudalowa m'kati. Agwedeza mwendo pa benchi, asewera ndi cholembera, atuluka pa msonkhano kawiri katatu ngati wamva foni. Akagona, thupi latopa koma mutu uli kuyendabe. Ambiri asankha okha nchito zoyendayenda, monga kugulitsa malonda m'misewu, kuyendetsa galimoto kapena kabaza, pakuti mpando wa mu ofesi uli ngati ndende kwa iwo.

Chachitatu ndicho kupupuluma. Mau atuluka asanawayese. Agula chinthu pa Limbe chifukwa wachiona, ndalama za lendi ziri m'thumba lomwelo. Bwana akamdzudzula, asiya nchito tsiku lomwelo, nalira m'mawa mwache. Apsa mtima msanga, napolanso msanga, ndipo adabwa kuona kuti anzache adakali okwiya pamene iye adaiwala kale.

Pali chinthu chimodzi chimene chisokoneza abale ache koposa zonse. Munthu yemweyo amene sangamvere ulaliki wa mphindi 15 angathe kukhala maola asanu ali kukonza wailesi kapena kutsata mpira, osadya, osamva womuitana. Tsono abale anena kuti: Mwaona, akafuna amatha, ndi dala basi! Koma umu ndimo bvutoli likhalira. Maganizo alipo, ndipo nthawi zina achuluka. Chosowa ndi mphamvu ya kuwatuma kumene afunika. Chinthu chatsopano, chokondweretsa kapena choopsa chiwagwira chokha. Chinthu chofunika koma chozizira, monga kulemba malisiti, sichiwagwira.

Tisaiwale amai. Pa ubwana anyamata apezeka ndi bvutoli kawiri kapena katatu kuposa atsikana, koma pa ukulu chiwerengero chiyandikana. Chifukwa chimodzi ndi chakuti mtsikana kawirikawiri sasokoneza kalasi. Angokhala duu pa zenera, maganizo ali kutali, ndipo palibe amlabadira. Bvuto lioneka akalowa m'banja, pamene nyumba, ana, geni ndi apongozi zonse zimyang'ana iye. Ndiwo zipserera pa moto, zochapa zigona m'beseni, tsiku la sikelo ya mwana lipita. Iye amva dzina la mkazi wosalangizidwa, ndipo alibe pothawira, pakuti mwamuna wobalalika anthu amseka, koma mkazi wobalalika amnyoza.

Si woiwala ali yense amene ali nalo

Powerenga zimenezi, wina ati: Ameneyu ndine! Dekhani. Tonse timaiwala, tonse timazengereza, ndipo foni za masiku ano zabalalitsa ngakhale anthu odekha. Madotolo ali ndi miyeso yao. Buku limene ambiri atsata, lotuluka ku America mu 2013, litchula zizindikiro 9 za kubalalika ndi zina 9 za kusakhala phee ndi kupupuluma. Munthu wa zaka 17 kapena kupitirira ayenera kukhala ndi zisanu za gulu limodzi, kwa miyezi 6 kapena kuposa. Zina mwa izo ziyenera kuti zidaoneka asanakwane zaka 12. Ziyenera kuoneka m'malo awiri kapena ambiri, monga ku nyumba ndi ku nchito, ndiponso ziyenera kuononga ndithu moyo wache, osati kungomtopetsa. Bungwe la za umoyo pa dziko lonse, la WHO, nalonso lidalemba bvutoli m'ndandanda wache wa matenda umene udayamba kugwira nchito mu 2022.

Mfundo ya ubwana ndiyo yaikulu. Bambo amene adali wolongosoka zaka 40, nayamba kuiwalaiwala chaka chino, ali ndi china, ndipo apite msanga ku chipatala. Zinthu zambiri zibalalitsa maganizo: chisoni cha maliro, nkhawa ya ngongole, matenda a kukhumudwa, kusowa tulo, njala, kuchepa kwa magazi, matenda a chithokomiro, khunyu, kusamva bwino m'makutu, mowa ndi chamba. Alipo matenda enanso a maganizo amene munthu akhala masiku angapo ali wotakataka, wosagona, womwaza ndalama, kenaka nagwa mphwayi kwa masabata; amenewo abwera ndi kupita, pamene ADHD ikhala ndi munthu masiku onse. Kusiyanitsa zimenezi ndi nchito ya dotolo, ndipo kawirikawiri munthu mmodzi apezeka ndi ziwiri pamodzi.

Gwero lache

Maganizo a munthu ali ngati mbuzi pa busa: iri yonse ifuna kupita kwache. Mbali ya kutsogolo kwa ubongo, kuseri kwa mphumi, ndiyo mbusa. Ibweza maganizo osochera, iletsa dzanja ndi lilime, ikumbutsa za mawa. Timitsempha ta ubongo titumizirana mauthenga ndi timadzi tina, ndipo tiwiri mwa ito, dopamine ndi noradrenaline, ndito tithandiza mbusayo kukhala maso. Mwa munthu wa ADHD dongosolo limeneli ligwira nchito mofooka. Mbusa aodzera, nadzidzimuka pokhapokha fisi akafika.

Mbali yaikulu ichokera ku mtundu. Pofufuza amapasa m'maiko ambiri, apeza kuti pa magawo 10 a kusiyana kwa anthu pa bvutoli, 7 kapena 8 ndi obadwa nao. Nchifukwa chache kawirikawiri bambo kapena mai azindikira za iye mwini tsiku limene aperekeza mwana wache kwa dotolo. Kubadwa masiku asanakwane, kubadwa wochepa thupi kwambiri, mowa umene mai amwa ali ndi pakati, ndi kubvulala kwa mutu, zimenezinso zionjezera mpata.

Kwathu kuno kuli chinthu chinanso, ndipo umboni wache udachokera mu mzinda wathu womwe uno. Pa chipatala cha Queen Elizabeth, chimene tichitcha Gulupu, madotolo akhala ali kufufuza malungo a m'ubongo kwa zaka zambiri. Muyeso wa kukomoka kwa ana umene Malcolm Molyneux, Terrie Taylor ndi anzao adaulengeza mu 1989 udziwika pa dziko lonse ndi dzina la Blantyre. Mu 2010 Gretchen Birbeck ndi anzache adalengeza zimene adapeza potsata ana 132 opulumuka ku malungo amenewa, powafanizira ndi ana ena 264. Mwa opulumukawo, pafupifupi mmodzi mwa khumi ali onse adasintha khalidwe, nakhala wosagwirika, pamene mwa enawo zotere zidali zosowa. Ana a nthawi imeneyo tsopano ndi anyamata ndi atsikana aakulu. Choncho mukamva mai ali kunena kuti mwana wache adasintha chidwalire malungo aja, musamseke. Ndipo neti ya udzudzu iteteza nzeru za mwana pamodzi ndi moyo wache.

Tinene poyera zimene siziri gwero lache. Si ufiti, si kulodzedwa ndi amalume, si chiwanda, si kukhwima kumene kudalakwika. Si kuti makolo adaumira ndodo. Ambiri a anthu amenewa adakwapulidwa kuposa abale ao onse, ndipo ndodo siidasinthe kanthu. Ndalama zimene mabanja ataya kwa a ula ndi kwa aneneri ogulitsa madzi zikadalipira fizi ya ana.

Kodi ndi tchimo?

Apa ndi pamene akatekisti afunika kuima bwino. Tidaphunzira tonse kuti tchimo lalikulu lifuna zinthu zitatu: kuti chinthucho chikhale chachikulu, kuti munthu achidziwe bwino, ndi kuti achifune ndi mtima wache wonse. Katekisimu wa Eklezia Katolika, wotuluka mu 1992 pa nthawi ya Papa Yohane Paulo wachiwiri, aphunzitsanso kuti mlandu wa munthu ungachepe, kapena kuchoka kumene, chifukwa cha kusazindikira, mantha, chizolowezi kapena zobvuta za m'maganizo. Tsono kuiwala kumene munthu sadafune si tchimo. Ulesi umene tiuwerenga pakati pa mizu isanu ndi iwiri ya machimo ndi wina: waulesi akana chabwino chifukwa safuna kubvutika, ndipo mtima wache uli pa mtendere. Munthu amene tiri kunena afuna chabwino, abvutika usiku ndi usana, ndipo mtendere alibe.

Za kubalalika popemphera, ambiri adzizunza pachabe. Teresa woyera wa ku Avila, amene adamwalira mu 1582 ndipo Eklezia amuyesa mphunzitsi wamkulu wa mapemphero, adaulula yekha kuti kwa zaka zambiri, pa ola la kupemphera, kawirikawiri ankangomvetsera kuti belo lilira liti. Sitinena kuti adali ndi bvuto limeneli ai. Tinena kuti maganizo oyendayenda sadamletse kukhala woyera. Chiphunzitso cha Eklezia ndi chakuti munthu akazindikira kuti wasochera, asayambe kulimbana ndi maganizo aja, koma angobweza mtima kwa Mulungu. Akasochera kokwana 50 m'Korona mmodzi, nabwerera kokwana 50, wapemphera.

Koma tisagwere m'dzenje linalo. Dzina la matenda si chikopa chobisalira. Munthu wa khunyu sachimwa pogwa. Koma akadziwa matenda ache, nakwera dala m'mtengo wa mango kapena kuleka mankhwala, pamenepo ali ndi mlandu. Chimodzimodzi amene wadziwa kuti ndalama sizikhala m'manja mwache ali ndi udindo wa kuzipereka kwa wina wozisunga. Akakana chifukwa cha kunyada, ana nagona ndi njala, tchimo liri pa kunyadako. Ndalama za limana zimene zidasowa m'manja mwache ayenera kubweza, ngakhale sadabe. Mau opweteka amene adamtuluka mwangozi ayenera kuwapepesa. Polapa, ndi bwino kuuza ansembe poyera za bvutoli, kuti amthandize kusiyanitsa chofooka ndi choipa, ndi kumpatsa chilango chimene angathe kuchita nthawi yomweyo asanatuluke m'tchalitchi, pakuti cha mawa adzachiiwala.

Thandizo la ku chipatala

Wina angafunse kuti: Ngati munthu wakhala nalo zaka zonsezi, nchifukwa ninji abvutike kupita kwa dotolo? Chifukwa lipha. Ku Denmark adatsata anthu pafupifupi 2 miliyoni, ndipo mu 2015 adalengeza kuti a ADHD amwalira msanga kawiri kuposa anzao, makamaka pa ngozi. Ku Sweden, mu 2014, adapeza kuti amuna a bvutoli akakhala pa mankhwala, ngozi zao zazikulu za pa msewu zichepa kupitirira theka. Ganizani tsono za mnyamata wotere ali pa njinga yamoto mu msewu wa Masauko Chipembere madzulo, mai ndi mwana ali kumbuyo kwache. Ganizaninso za kachasu ndi chamba, zimene ambiri ayamba pofuna kuziziritsa mutu. Za kubetcha mpira pa foni, kumene kuli ngati msampha wotcherera anthu opupuluma. Ndi za katapila amene atsata pambuyo.

Njira ndi iyi. Ayambe pa chipatala chaching'ono cha kwao, monga cha Ndirande, Limbe, Zingwangwa, Bangwe kapena Chilomoni, alongosole zonse, napemphe kalata yomtumiza kwa oona za matenda a maganizo ku Gulupu. Ku Mzuzu ndi ku Lilongwe kuli Abulazala a St John of God, amene adafika m'dziko muno mu 1993 ndipo nchito yao yeniyeni ndi yomweyi. Ambiri aopa kuti akangotchula mutu adzawatumiza ku Zomba. Chipatala cha ku Zomba, chotsegulidwa mu 1953, chigoneka odwala kwambiri, ndipo iwonso ndi abale athu oyenera ulemu. Koma ADHD si misala, ndipo munthu aonedwa ndi kubwerera kwao tsiku lomwelo. Palibe kupima magazi kapena kujambula mutu kumene kuonetsa bvutoli. Dotolo adalira mbiri. Choncho atenge mkazi kapena mwamuna wache, ndiponso wina amene adamdziwa ali mwana, kaya ndi mai, azakhali kapena mkulu wache, ndi malipoti a kusukulu ngati adakalipo. Pa intaneti pali mafunso 6 amene adakonzedwa pamodzi ndi WHO. Athandiza munthu kuona ngati ayenera kukapimidwa, koma sagamula kanthu.

Mankhwala odziwika koposa ndi methylphenidate, amene Leandro Panizzon adawapanga ku Basel mu 1944, nawatcha Ritalin potsata dzina la mkazi wache Rita. Aonjezera mphamvu ya timadzi tija, nadzutsa mbusa; a mtundu wamba agwira nchito maola atatu kapena anai. Alipo ena, atomoxetine, amene atenga masabata angapo kuti ayambe kuthandiza. Ambiri athandizidwa, koma mankhwalawa sachotsa bvuto, monganso magalasi sachiritsa maso. Angachepetse njala ndi tulo, nakweza kuthamanga kwa magazi ndi kugunda kwa mtima, kotero dotolo ayamba wapima zimenezi. Mai woyembekezera kapena woyamwitsa anene msanga. Methylphenidate ali m'gulu la mankhwala amene maiko adapangana mu 1971 kuwasunga mwa lamulo lolimba, ndipo sapezeka wamba m'zipatala zazing'ono. Kugula kwa munthu wa m'njira, kapena kugawana ndi mnzako pa nthawi ya mayeso, ndi kulakwira lamulo ndi kusewera ndi moyo. Uphungu wophunzitsa munthu kukonza nthawi ndi nchito zache uthandizanso, kaya ali pa mankhwala kaya ai.

Za pa nyumba

Popeza ambiri sadzapeza mankhwala, gawo ili ndilo lao. Nzeru yache ndi imodzi: chimene mutu sungasunge, chisungidwe kunja kwa mutu. Kope likhale limodzi lokha, laling'ono lokwana m'thumba, ndipo lonjezo liri lonse lilembedwe pomwepo, wolonjezedwayo ali kuona. Msomali umodzi pa khomo ukhale wa makiyi, masiku onse. Foni imene imbalalitsa ingathenso kumtumikira: aike belo la nthawi yonyamukira, osati la nthawi yofikira. Nchito yaikulu aidule tizidutswa. Asanene kuti lero ndikonza nyumba, koma kuti tsopano nditsuka mbale izi. Ambiri aona kuti nchito yozizira iyenda pakakhala munthu wina pambali, ngakhale wosathandiza kanthu. Tulo tokwanira, ndi kuyenda pansi kapena kulima tsiku ndi tsiku, zidekhetsa mutu kuposa umo anthu aganizira.

Pa za ndalama pafunika kulimba mtima. Tsiku lolandira, lendi, fizi ndi chimanga zilipiridwe dzuwa lisanalowe. Zotsala zipite kwa mnzache wa m'banja kapena ku banki m'khonde, iye atsale ndi za tsiku limodzi. Chinthu cha mtengo wapatali asagule tsiku limene wachiona, agone kaye. Bambo amene apereka chikwama kwa mkazi wache pa chifukwa chimenechi sadadyetsedwe mankhwala a chikondi, monga anzache a ku bawo adzanenera. Wachita za umuna kuposa iwo.

Inu amene mukhala ndi munthu wotere, tidziwa kuti mwatopa, ndipo kutopa kwanu si kusowa chikondi. Musamuuze zinthu muli kukhitchini iye ali pa khonde; mumtchule dzina, akuyang'aneni, munene chinthu chimodzi. Kukumbutsa kukhale kumene mudapangana awiri, kuti musasanduke kapitao m'nyumba mwanu momwe. Ankhoswe nawonso adziwe za bvutoli, pakuti milandu yambiri imene aiweruza ngati mwano ndi kusasamala ili ndi muzu umenewu. Koma kumenya, kutukwana ndi chigololo musazibvomere pa dzina la matenda ali onse.

Kwa inu akatekisti

Yohane wa Mulungu woyera, amene dzina lache liri pa zipatala za Abulazala aja, adabadwira ku Portugal mu 1495. Adakhala mbusa wa nkhosa, msilikali, wa nchito ya manja ndi wogulitsa mabuku, asanapeze malo ache. Ku Granada anthu adamuyesa wamisala, namtsekera m'chipatala mmene odwala maganizo ankawakwapula ngati mankhwala. Atatuluka adayamba kusonkhanitsa odwala osauka ndi kuwasamala mwaulemu, kufikira imfa yache pa 8 March 1550, ndipo mu 1886 Papa Leo XIII adamuika kukhala nkhoswe ya zipatala ndi odwala. Nchito yosamala a maganizo obvutika iri m'nyumba mwathu chiyambire kale.

Poyamba yang'anani maudindo amene mupereka. Kumsankha munthu wotere kukhala msungichuma kapena mlembi wa limana, chifukwa alankhula bwino pa msonkhano, ndi kumtchera msampha. Pakutha pa chaka mudzakhala ndi mlandu wa ndalama ndi mkristu wothawa tchalitchi. Mpatseni za miyendo ndi za changu. Pa maliro ndiye adzapeza galimoto pakati pa usiku. Pa ukwati ndiye adzasenza mipando. Poyendera odwala, potsogolera achinyamata, poimba ng'oma, mudzaona mphatso zimene simudaziganizire. Ngati ayenera kukhala pa udindo wa mapepala, mumphatikize ndi mnzache wodekha.

M'kalasi la akatekumeni aakulu, phunziro likhale lodukizadukiza ndi mafunso ndi nyimbo. Amene abalalika akhale kutsogolo. Ku Misa nakonso benchi la kutsogolo kapena kwaya zimthandiza kuposa kukhala pafupi ndi chitseko. Akalephera kuloweza mayankho, mumfunse m'mau ache. Kawirikawiri adamva bwino. Mlangizeni mapemphero aafupi obwera kawirikawiri, Korona wa chigawo chimodzi ali kuyenda kupita ku nchito, mikanda iri m'zala. Wochedwa musamchititse manyazi pa gulu.

Pomaliza, inu simuli madotolo. Musatchule munthu dzina la matenda pa msonkhano kapena m'ulaliki, ndipo chimene wakuuzani mseri chikhale cha mseri. Mukaona zizindikiro, mukambe naye awiri, mumfunse za ubwana wache, mumuwerengere phunziro lino ngati afuna. Akanena kuti moyo watopa nao ndipo aganiza zodzipha, musadikire Lamulungu: musamsiye yekha, mudziwitse abale ache ndi Bambo Mfumu, apite ku chipatala tsiku lomwelo. Akabvomera kukapimidwa, mupangane tsiku, mumlembere m'kope lache, mukamtenge pa nyumba m'mamawa, ndipo mukhale naye pa mzere kufikira alowe, pakuti kudikira ndiko kumbvuta koposa zonse, ndipo akakhala yekha adzanyamuka dzina lache lisanaitanidwe.